Mmene mungasankhire ulendo wapamwamba wa pamtsinje wogwirizana ndi munthu amene akupita

Kuno ku Chipata nkhani yake imayamba mofanana. Ana asonkha ndalama zoti athokoze makolo amene apuma pantchito, kapena banja latsopano lasunga kwa zaka ziwiri, ndiye aona pa Facebook chithunzi cha sitima yoyera ili phee pamadzi dzuwa likulowa. Alipira. Pobwerako mukawafunsa kuti mwayendako bwanji, amangoti "bwino ndithu" n'kusintha nkhani.

Amalume anga anaphunzitsa zaka zoposa 30 m'masukulu a ku Katete ndi ku Chadiza. Ana awo anawagulira ulendo wa pamtsinje wa Rhine ku Ulaya m'mwezi wa Disembala. Bondo lawo lakumanzere silipinda bwino. Sitima ikaima, anzawo ankatsika kukayenda maola atatu m'misewu yoyalidwa miyala, iwo n'kutsala pawindo atavala majekete awiri, akuyang'ana madzi otuwa. Amenewa ndi munthu amene moyo wake wonse ankalakalaka kuona njovu zikuwoloka mtsinje. Sitimayo inalibe vuto, chakudya chinali cha mwanaalirenji, antchito aulemu. Chinalakwika ndi chakuti mtsinjewo unasankhidwa poyang'ana chithunzi, osayang'ana bondo la amalume. Zinandipweteka, n'chifukwa chake ndalemba malangizowa.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Kope ndi cholembera.
- Pasipoti ya aliyense wopita, m'manja mwanu, kuti muone nokha tsiku lothera ndiponso masamba amene alibe chidindo.
- NRC, chiphaso cha unzika. Malo ambiri ogona alendo m'Zambia ali ndi mtengo wotsika wa anthu okhala m'dziko muno, koma amafuna umboni.
- Kalendala ya chaka chonse. Chongani tchuthi cha ana a sukulu, ndipo ngati mumalima chonganinso nthawi yobzala ndi yokolola.
- Ndalama imene mwakonza, yolembedwa m'makwacha ndi m'madola.
- Mayina a mankhwala amene wopitayo amamwa tsiku lililonse, monga a BP ndi a shuga.
- Foni ya intaneti yoonera mapu.

## Gawo 1: Yambani ndi munthu wofooka kwambiri pagulu

Musatsegule kaye tsamba la kampani iliyonse. Lembani dzina la aliyense wopita, ndipo pansi pake muyankhe mafunso awa:

1. Angayende wapansi kwa mphindi zingati asanafune mpando?
2. Masitepe amakwera bwanji?
3. Chimamukondweretsa n'chiyani: nyama, mbalame, zinthu zakale, mizinda, kuwedza, kapena kungopuma?
4. Amapirira chiti, kutentha kapena kuzizira?
5. Angathe masiku angati osadya nsima?
6. Chingerezi chothamanga cha wotsogolera alendo angachitsatire?

Ngati pali ana, lembaninso zaka zawo. Ulendo wonse muupime ndi munthu amene mayankho ake ali otsika kuposa onse, chifukwa iyeyo akavutika gulu lonse silisangalala.

Chenjezo: akuluakulu sadandaulira ana amene akuwalipirira. Mukafunsa kuti "Atate, mudzatha kuyenda?" adzayankha kuti "Ndidzatha, mwanawe." Atengeni mukazungulire nawo msika wa Kapata kwa ola limodzi, muone pamene ayambe kutsalira m'mbuyo. Yankho lenileni ndi limenelo. Funso la nsima nalonso musaliseke. Pa sitima za ku Ulaya munthu amatha sabata yathunthu akudya buledi, mbatata ya kachewere, tchizi ndi nyama yozizira m'mawa, ndipo ndaonapo mayi wachikulire akubwerako atawonda.

## Gawo 2: Werengani masiku kuyambira pakhomo panu

Makampani amawerenga masiku kuyambira pamene mwakwera sitima. Inu werengani kuyambira pamene mwakhoma chitseko cha nyumba.

Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Limenelo ndi tsiku lathunthu. Kuchoka ku Lusaka kupita ku Livingstone ndi makilomita enanso pafupifupi 480, kenako ena pafupifupi 70 kuti mufike ku Kazungula, powolokera kupita ku mtsinje wa Chobe. Choncho kugona katatu pamtsinje wa Chobe kumadya masiku osachepera 7 ngati mukuyenda pamsewu. Amene thumba lalola angakwere ndege ya Proflight ku Mfuwe kupita ku Lusaka, n'kulumikiza ya ku Livingstone, ndipo nkhalamba imafika isanatheretu.

Ku Mfuwe kwenikweniko, polowera nkhalango ya South Luangwa, ndi maola awiri kapena atatu pagalimoto kuchokera ku Chipata. Chipata cha m'malire cha Mwami chili pamphuno pathu, ndipo Lilongwe ali pafupi kwambiri kuposa Lusaka. Ngati mukupita kutsidya kwa nyanja, funsani mtengo wa tikiti yonyamukira pabwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka komanso yonyamukira pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe, popeza Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways zimatera konse kuwiri.

Chenjezo: sitima sidikira munthu. Fikani mumzinda wokwerera kutatsala tsiku limodzi. Ndege ikachedwa ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, tsiku limenelo ndi limene lidzakupulumutseni.

## Gawo 3: Gwirizanitsani munthu ndi mtsinje

Pano ndi pamene pagona nkhani yonse. Tengani kope lija, muwerenge mtsinje uliwonse mukuyang'ana mayankho amene munalemba.

### Luangwa m'dzinja: wa okonda mbalame, ojambula zithunzi ndi a masiku ochepa

Ambiri a ife timaudziwa Luangwa wa m'chilimwe, mchenga wokhawokha, mvuu zitaunjikana m'tizithaphwi. Mtsinje womwewo ukadzaza, kuyambira chakumapeto kwa Januwale mpaka cha mu Malichi, makampu ena a ku South Luangwa amanyamula alendo pa boti la injini kuchoka pa kampu ina kupita pa ina. Pa boti simugonapo, mumagona kumtunda m'chipinda chabwino, botilo ndi loyendera basi.

Ndinapitako sabata imene anthu ankakonzekera Nc'wala ku Mtenguleni. Madzi anali ofiirira ngati thobwa, akuthamanga ndi zitsa. Woyendetsa anazimitsa injini n'kulowetsa boti pakati pa mitengo ya mchenja, pamalo pamene mu Okutobala pamadutsa magalimoto. Kunali zii, kumangomveka madontho ochokera m'masamba ndi nkhwazi ikulira chapatali. Cha ku Nsefu, dera lina la m'nkhalangomo, madokowe a milomo yachikasu anali atayamba kusonkhana m'mitengo yawo yoswera.

Koma walira mvula walira matope. Udzu umakhala wautali, mikango ndi akambuku sizioneka msanga, ndipo udzudzu ndi wochuluka. Amene akufuna kuwerenga nyama zikuluzikulu pa tsiku limodzi asasankhe uno.

### Shire ku Liwonde: wa makolo amene akufuna kumva chinenero chawo

Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malawi, choncho madzi oyendapo boti alipo chaka chonse. M'nkhalango ya Liwonde, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, mvuu, ng'ona ndi njovu zimaonekera pafupi, kumbuyo kwake kuli migwalangwa. Nakonso mumagona kumtunda. Ubwino umene anthu saganizira ndi wakuti wotsogolera alendo angathe kufotokozera agogo zonse m'Chichewa, iwo n'kumafunsa mafunso momasuka. Viza sifunika, ndipo mumangowolokera pa Mwami ndi Mchinji.

### Chobe: wa achikulire, a mabondo ovuta ndi ongokwatirana kumene

Ukanakhala wa amalume ndi uwu. Pamtsinje wa Chobe, m'malire a Botswana ndi Namibia, pali sitima zimene ndi hotela zoyandama. Yodziwika kwambiri ndi Zambezi Queen, ya zipinda 14, ndipo palinso zing'onozing'ono zotchedwa Chobe Princess. Mumagonapo kawiri kapena katatu. Sitima imayenda pang'onopang'ono pa kachigawo kakafupi ka mtsinje, ndipo nyama ndi zimene zimabwera kwa inu. M'miyezi yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, njovu ndi njati zimatsikira kumadzi m'magulumagulu. Munthu angathe kukhala pampando pakhonde la chipinda chake, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kuona njovu ikusambira chitamba chili m'mwamba, kamwana kali pambali. Nthawi ya Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, ndi yabwino kwambiri chifukwa kuzizira kwa Juni kwatha koma kutentha kwa Okutobala sikunafike.

Njira yake ndi yowolokera pamlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu Meyi 2021, n'kufika m'tauni ya Kasane. Kumeneko mumadinditsa zotuluka m'Botswana, n'kukwera boti laling'ono kukadinditsa zolowa m'Namibia, chifukwa sitimazi zimakhala kumbali ya Namibia.

Chenjezo: kukwera ndi kutsika maboti ang'onoang'onowa kumachitika kangapo patsiku. Ngati wopitayo amayendera ndodo kapena njinga ya olumala, auzeni a kampani musanalipire. Funsaninso zaka za ana zimene amalola, chifukwa sitima zina sizitenga ana aang'ono.

### Zambezi ku Livingstone: wowonjezera pa ulendo wina

Maboti ngati African Queen ndi Lady Livingstone amayenda maola awiri kapena atatu madzulo kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, n'kubwerera. Ndi osangalatsa, ndipo ndi njira yotsika mtengo yoyesera ngati munthu amakonda za pamadzi. Ngati mukupita ku Chobe, onjezani tsiku limodzi kuno. Mathithi amakhala ndi madzi ambiri cha mu Epulo, ndipo cha mu Okutobala ndi Novembala mbali yaikulu ya ku Zambia imakhala thanthwe louma.

### Kariba: wa banja lalikulu ndi gulu la abwenzi

Kariba ndi Zambezi yemweyo amene anatsekedwa ndi damu lomwe linamalizidwa mu 1959. Ku Siavonga, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lusaka, mungabwereke boti lonse la zipinda zogona, woyendetsa ndi wophika ali momwemo. Mukakhala anthu 10 kapena 12 n'kugawana mtengo, palibe ulendo wogona pamadzi umene ungatsike kuposa uwu. Chakudya mumagwirizana nokha ndi wophika, choncho ufa, nkhuku ya lokolo ndi chibwabwa mungapite nazo. Okonda mbedza amalimbana ndi mcheni, nsomba ya mano ngati macheka, ndipo usiku mumaona nyali za asodzi a kapenta zili ngwee pamadzi.

Chenjezo: musalole aliyense kusambira m'nyanjamo, muli ng'ona zambiri. Ana aang'ono avale majekete oyandamitsa nthawi zonse akakhala pamwamba. Kukachita mphepo mafunde amakula, ndipo amene amachita chizungulire pabasi adzachitanso pano. Kutentha kwa m'chigwa mu Okutobala ndi koopsa kwa wodwala BP.

### Nile: wa aphunzitsi, okonda mbiri yakale ndi owerenga Baibulo

Sitima zambiri za ku Egypt zimayenda pakati pa Luxor ndi Aswan, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 200. Kuchoka ku Luxor kupita ku Aswan mumalimbana ndi madzi ndipo mumagona kanayi. Kubwerera motsatira madzi mumagona katatu. Panjira mumaona akachisi a Karnak, manda a mafumu a ku Valley of the Kings kumene Howard Carter anapeza manda a Tutankhamun mu 1922, kachisi wa Edfu, wa Kom Ombo kumene ankalambira mulungu wa mutu wa ng'ona, ndi wa Philae umene uli pachilumba. Amene anakula akumva za Yosefe ndi za Mose ali khanda m'kabasiketi pakati pa bango, akaona mtsinjewu ndi maso mtima umagunda mwa mtundu wina.

Koma ulendowu ndi wa miyendo. Mumadzuka kusanache pothawa dzuwa, manda mumachita kutsikira pansi, ndipo mithunzi ndi yochepa. Kupita ku akachisi a Abu Simbel kuchokera ku Aswan ndi maola atatu kapena kuposerapo pamsewu wa m'chipululu, kupita kokha. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 40. Pitani pakati pa Okutobala ndi Epulo.

Pali mitundu iwiri ya zombo. Sitima zikuluzikulu zimatenga anthu 100 kapena kuposa, ndipo padoko zimakolekedwa mogundana moti mumadutsa m'kati mwa sitima zina kuti mufike kumtunda. Dahabiya ndi chombo cha matanga cha zipinda zochepa, chimayenda mwakachetechete ndipo chimaima m'midzi ndi pazilumba pamene zikuluzikulu sizingaime. Kwa awiri ongokwatirana kumene, ine ndingasankhe dahabiya.

### Rhine ndi Danube: wa okonda mizinda, nyimbo ndi matchalitchi

Ulendo wodziwika wa pa Rhine ndi wogona ka 7 pakati pa Amsterdam ndi Basel, kuima ku Cologne, Koblenz, Rüdesheim ndi Strasbourg. Pakati pa Koblenz ndi Rüdesheim mtsinje umapanikizika m'mapiri, ndipo nyumba zakale za mafumu zimaoneka mbali zonse ziwiri kwa maola angapo. Akhristu a mpingo wa Reformed angakonde kudziwa kuti maulendo ambiri a pa Rhine amapatukira ku Heidelberg, kumene katekisma amene anaphunzira m'kalasi analembedwa mu 1563. Mzinda wa Worms, kumene Martin Luther anaimirira pamaso pa mfumu mu 1521, uli m'mbali mwa mtsinje womwewo, koma si sitima zonse zimene zimaimapo, choncho funsani.

Danube amadutsa m'maiko 10. Chigawo chimene ambiri amayenda ndi cha pakati pa Budapest ndi Passau kapena Nuremberg, kudzera ku Bratislava, Vienna ndi chigwa cha Wachau kumene kuli nyumba yaikulu ya ansembe ya Melk. Wokonda kwaya ndi zoimbaimba asankhe uwu chifukwa cha Vienna. Ngalande imene inatsegulidwa mu 1992 inalumikiza mitsinje iwiriyi kudzera mumtsinje wa Main, moti sitima imodzi imatha kuchoka ku Amsterdam mpaka ku Budapest pa masabata awiri. Ulendo wautali chotere ndi wa amene anayendapo kale n'kukonda. Woyamba kumene ayambe ndi wa sabata imodzi.

Chenjezo: pafupifupi tsiku lililonse pamakhala kuyenda wapansi m'misewu ya miyala. Makampani ena ali ndi gulu la oyenda pang'onopang'ono, ndipo muyenera kufunsa ngati lilipo. Kampani ya Viking sitenga aliyense wosakwana zaka 18, choncho a ana ayang'ane makampani amene ali ndi maulendo a mabanja.

### Douro ndi Mekong

Douro wa ku Portugal amayambira ulendo wake ku Porto n'kulowa m'mapiri a minda ya mphesa. Sitima zimayenda masana okha, ndipo zambiri zoonedwa ndi za vinyo. Munthu wosamwa akhoza kutopa nawo. Mekong amalumikiza Vietnam ndi Cambodia, kuchokera kufupi ndi Ho Chi Minh City kudutsa Phnom Penh kulowera ku Siem Reap kumene kuli akachisi akale a Angkor Wat. Mlimi kapena wamalonda amene amakonda kuona mmene anzake amalimira mpunga, kuweta nsomba ndi kugulitsa pamsika adzasangalala, koma kuchokera kuno ndi kutali kwambiri ndipo kunja kumakhala chifundizi.

## Gawo 4: Sankhani mwezi poyang'ana madzi

Mukapeza mitsinje iwiri yogwirizana ndi munthu wanu, tsegulani kalendala ija. Luangwa amafuna mvula. Chobe amafuna chilimwe. Nile amafuna miyezi yozizira ya kumeneko, imene ikugwera nthawi imene ife tili kalikiliki kumunda, choncho mlimi aganizire za Okutobala kapena Epulo.

Ku Ulaya madzi amavuta mbali ziwiri. Akachuluka, sitima imalephera kudutsa pansi pa milatho. Akachepa, imakhudza pansi. M'chaka cha 2018 ndi cha 2022 Rhine anaphwa kwambiri, ndipo alendo ambiri anamalizira ulendo wawo pabasi kapena kusinthitsidwa sitima. Lembani funso ili kwa a kampani: madzi akavuta mumatani, ndipo mumabweza ndalama zingati? Yankho likhale lolembedwa.

Misika ya Khirisimasi ya kumapeto kwa Novembala ndi Disembala ndi yokongola pa chithunzi, koma kunja kumada cha m'ma 4 koloko madzulo ndipo madzi amatha kuundana. Ngati wopitayo amawotha mbaula mu Juni kuno kwathu, musamutumize nyengo imeneyi. Meyi, Juni ndi Seputembala ndi miyezi yofatsa.

Pa Mekong, nyanja ya Tonle Sap ya ku Cambodia imadzaza m'miyezi ya mvula ya kumeneko. Madzi akatsika, mbali yomaliza yopita ku Siem Reap imakhala ya pabasi kwa maola angapo.

## Gawo 5: Onani mapepala musanapereke ngwee iliyonse

1. Botswana, Namibia, Zimbabwe ndi Malawi safuna viza kwa Mzambia wokacheza. Koma ulendo wa Chobe umadya masamba a pasipoti, chifukwa mumadinditsa potuluka ndi polowa kangapo, makamaka mukakwera galimoto kukaona nyama kumbali ya Botswana. Pasipoti yotsala tsamba limodzi musapite nayo.
2. Ku Botswana ndi ku Namibia amafuna satifiketi yobadwira ya mwana. Ngati kholo likuyenda lokha ndi mwanayo, pamafunikanso kalata yachilolezo ya kholo linalo.
3. Rhine, Danube ndi Douro zimafuna viza ya Schengen, viza imodzi yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo amafunika inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Mungapemphe kutatsala miyezi 6, ndipo mumapempha ku dziko limene mukakhalitse masiku ambiri. Pasipoti ikhale yoti idzagwirabe ntchito miyezi itatu mutabwerako.
4. Ngati sitima ya pa Danube ikupitirira Budapest kulowera ku Belgrade, likulu la Serbia, ndiye kuti ikutuluka m'dera la Schengen. Pemphani viza yolowera kangapo, ndipo funsani za Serbia padera.
5. Egypt, Vietnam ndi Cambodia ali ndi maviza awoawo. Ngati mukudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, funsaninso za khadi lachikasu la katemera.

Chenjezo: viza imatha kukanidwa. Funsani ngati dipoziti imabwezedwa zikatero, ndipo musagule tikiti ya ndege yosabwezeka viza isanatuluke.

## Gawo 6: Sankhani chipinda

Pemphani chithunzi cha mmene zipinda zilili m'sitimamo. Pa sitima za ku Ulaya zipinda zapansi ndi zotsika mtengo, koma mawindo ake ndi aang'ono, satseguka, ndipo ali pafupi ndi madzi. Kwa munthu amene azidzatsika tsiku lililonse zimenezi zilibe kanthu. Kwa amene azidzatsala m'sitima, windo lalikulu ndi theka la ulendo wake, ndiye lipirani lowonjezera.

Chimene amachitcha French balcony ndi chitseko cha galasi chotsegukira pa chitsulo chotchinga, palibe poika mpando. Ngati mukufuna khonde lenileni, nenani momveka. Funsaninso kumene chikepe chimafika, chifukwa pa sitima zambiri sichifika pamwamba penipeni powothera dzuwa. Zipinda zakumbuyo zili pafupi ndi injini, ndipo wa tulo topepuka azipewe. Pa Chobe ndi pa Kariba funsani za makina oziziritsira m'chipinda, ngati amagwira usiku wonse.

## Gawo 7: Pezani mtengo weniweni, kenako lipirani

Mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndi wa munthu mmodzi pamene awiri akugona m'chipinda chimodzi. Woyenda yekha amalipira zowonjezera, nthawi zina pafupifupi mtengo wa anthu awiri. Amayi amasiye ndi ena oyenda okha afunse za maulendo amene ndalama imeneyi imachotsedwa, kapena apeze mnzawo. Safunsa anadya phula, ndiye tumizani mafunso awa:

- Zakumwa zili m'kati mwa mtengowu?
- Maulendo a kumtunda onse ndi olipiridwa kale, kapena ena ndi apadera?
- Ndalama yothokozera antchito ili momwemo, kapena ndi zingati patsiku?
- Nanga ya polowera m'nkhalango ya nyama, ya padoko, ndi galimoto yochokera kubwalo la ndege?
- Pali mtengo wa anthu okhala m'Zambia kapena m'maiko a SADC?
- Ndikalephera kupita chifukwa cha matenda kapena maliro, ndibwezeredwa zingati?

Pamwamba pake onjezani basi kapena mafuta, kugona ku Lusaka popita ndi pobwera, viza, inshuwalansi, ndi mankhwala oteteza malungo ngati adokotala alangiza. Inshuwalansiyo ikhale yonyamula wodwala pa ndege, chifukwa pakati pa Kariba kapena ku Nsefu chipatala chachikulu chili kutali. Popeza mitengo ndi ya m'madola kapena mayuro ndipo kwacha imasinthasintha, siyani ndalama yapadera yokwanira kutseka mpata ngati dola itakwera musanamalize kulipira.

Chenjezo: lipirani ku akaunti ya kubanki ya kampani kapena pa khadi, ndipo mulandire lisiti. Ejenti wa m'Zambia akuonetseni laisensi ya Zambia Tourism Agency. Akakupatsani nambala yosungitsira malo, lemberani eni sitimawo kuti atsimikize kuti dzina lanu lilipodi.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kugula mphatso mobisa. Ana amafuna kudabwitsa makolo, ndiye sawafunsa kanthu. Adabwitseni ndi uthenga wakuti ndalama yapezeka, koma mtsinje musankhire limodzi.

Kusokoneza boti la madzulo ndi sitima yogonamo. Ena amafika ku Livingstone ndi masutikesi akuganiza kuti agona pamadzi, pamene analipira maola awiri.

Kukopeka ndi dzina. Zambezi Queen imayenda pa Chobe, ndipo mathithi a Mosi-oa-Tunya simungawaone muli m'menemo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, choncho werengani ndondomeko ya tsiku ndi tsiku, muone maola amene mudzakhale pamadzi, pabasi ndi wapansi.

Kupita ku Mfuwe mu Seputembala kukafuna ulendo wa boti. Nthawi imeneyo nyama zimaoneka bwino kwambiri, koma pagalimoto ndi wapansi.

Kutumiza ndalama pa foni ya munthu amene mwangomudziwira pa WhatsApp chifukwa wanena kuti malo atsala awiri okha.

Kulongedza mankhwala m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege. Chikwama chikatsalira ku Addis Ababa, sitima imakhala itasuntha mzinda tsiku lililonse ndipo kuti chikupezeni pamatenga masiku. Mankhwala a BP ndi a shuga, kalata ya adokotala, magalasi a maso ndi zovala za tsiku limodzi zikhale m'kachikwama ka m'manja.